Ndinkawerenga Mapazi a Ofuna Usilikali

Senderani kuno ana anga, nanunso adzukulu bwerani pafupi, mawu anga masiku ano safika patali. Iwe Esinati, poti ndiwe unaphunzira, gwira cholembera ulembe monga ndikunenera, usathiremo mchere wako. Za ubwana wanga zisiye, ndinkatunga madzi ndi kusinja ngati mtsikana aliyense wa kumapiri a Ntchisi. Chimene ndikufuna chitsale papepala ndi ntchito yanga ya pakhonde la chipatala, pamene ine Namwale, wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndinkathandiza kusankha anyamata opita ku usilikali.

Ku Kasakula, mbendera yatsopano itangokwera

Ntchito yanga yoyamba inali ya tsache ndi chikolopa pa kachipatala ka ku Kasakula. Anandilemba ndi a Gondwe, dokotala wochokera kumpoto, munthu wamtali wosaseka wamba. Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Umadziwa kuwerenga?" Ndinati ayi. "Nanga kunama?" Ndinati, "Ndimayesa, bwana, koma nkhope imandiulula." Apo ndiye anaseka, n'kundipatsa ndowa. Zinthu zinali zosowa masiku amenewo. Sopo ankabwera mwa apo ndi apo, tikamudikira n'kutopa tinkatsuka ndi phulusa. Madzi ndinkakatunga kudambo, kutsika phiri ndi kukwera nalo, ndipo ndowa itabooka a Che Saidi a sitolo ya pamsika ankatipatsa zitini zotha palafini, amvekere, "Tengani amayi, mwina mawa wogona pabedipo ndine."

Wokolopa nkhope yake imakhala pansi tsiku lonse. Anthu ena amadziwa anzawo poona kumaso, ine ndinayamba kuwadziwa poona pamene aponda. Simenti ikanyowa sibisa kanthu. Mlimi wa kumapiri zala zake zimatambasuka ngati akufuna kugwira nthaka, mayi wapakati amalemera kuchidendene, wa matekenya amayendera m'mbali. Tsiku lina a Gondwe atachokera kokadya ndinawauza kuti, "Kunabwera agogo aja a bala la pamwendo, abwerera osakupezani." Anandifunsa ngati ndinalankhula nawo. Ndinati, "Sindinawaone, ndinali kudambo, koma phazi lawo ilo." Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana ine. Zimenezo anazisunga mumtima.

Ku Dowa, chaka chimene ndalama zinasintha

A Gondwe atawasamutsira ku chipatala cha pa boma ku Dowa anapempha kuti nanenso ndipite. Bambo anu, a Zakeyu, anali opala matabwa, ndiye ananyamula zida zawo tinatsika. Chaka chomwecho, dzuwa litafika pakuswa mtengo, kunabwera asilikali kudzalemba anyamata. Wowatsogolera anali a Sajeni Matewere, munthu wamfupi wa mawu ngati ng'oma. Anyamata anadzaza bwalo, ena atayenda wapansi kuchokera kuseri kwa mapiri. A Sajeni anakwera pamgolo n'kukuwa kuti, "Tamverani! Kuno sitigwira munthu. Amene wachita kukokedwa ndi amalume ake abwerere pompano. Usilikali sagula, ndipo amene wapereka nkhuku kwa wina aliyense, kaya kwa ine, adziwe kuti nkhukuyo yafa ulele. Wokwatira akalere ana ake. Koma lamulo lalikulu ndi ili: woyesedwa ndiye wokwera galimoto."

Ife a chipatala anatiitanira padera. Anati mbale wako akafika pamzere unene, upatuke, ayesedwe ndi wina, ndipo ukaona chokhota n'kukhala chete, mlanduwo ndi wako. Anzanga anasaina, ine ndinadinda chala. Popukuta inkiyo ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, "Bwana, bwanji lamulo lalikulu ndi lomaliza lija?" Anati, "Mayi, msilikali akafa ife sitifunsa nkhope, timafunsa buku. Bokosi limapita kumudzi kumene kwalembedwa dzina. Inu mungakonde kulira maliro a mwana wa eni, wanu ali moyo kumunda? Nanga mayi wake weniweni alire kuti?" Mawu amenewo anandilowa ngati minga, ndipo sanatuluke.

Kuyesako kunkayamba ndi liwiro, kukwera chitunda ndi kubwerako. Opambana ankawayeza msinkhu pamtengo wodulidwa chizindikiro, kenako chifuwa, maso, mano. Chomaliza chinali mapazi, chifukwa wa phazi lathyathyathya sapirira ulendo wautali atasenza katundu. Mnyamata ankaponda m'beseni la madzi n'kuyenda pakhonde, ndipo phazi labwino linkasiya chithunzi chopindika ngati uta. Apo ndi pamene a Gondwe anandikumbuka, amvekere, "A Sajeni, beseni mupatse mayi awa." Vuto linali dzuwa. Madzi ankauma a Gondwe asanamalize kutsegula buku. Ndinakakumba katondo kuseri kwa khitchini n'kumusungunula m'madzimo, ndipo mapazi anayamba kutsala pakhonde ofiira psuu, mpaka nditakolopa ndekha. Kuyambira tsiku limenelo a Sajeni ankanditchula kuti a Kopolo a Beseni.

Anyamata ndi anyamata basi. Wina ankamata dothi m'tsitsi kuti atalike, wina ankamwa madzi mpaka mimba ndi chifuwa kukhala chimodzi. Kwa ine ankabwera atapinda zala kuti phazi lichite uta. Ndinkangoti, "Mwanawe, bwerera, uyende ngati ukupita kwa chibwenzi, osati ngati waponda moto." Bwalo lonse linkaseka, iye n'kuyenda bwino, choonadi n'kutuluka. Chaka ndi chaka a Sajeni akafika ankayamba ndi kufunsa kuti, "A Kopolo alipo? Katondo alipo?"

Chaka chimene Esinati anayamba sukulu

Chaka chimenecho kunabwera mnyamata wa ku Dzoole dzina lake Lufeyo, mwana wa mayi wamasiye. Pa liwiro anasiya anzake kutali. Ataponda pakhonde langa phazi lake linali uta weniweni, koma chidendene chakumanzere chinali ndi mzere wodutsa pakati, chipsera cha khasu limene linamutema ali wamng'ono. A Sajeni anati, "Phazi ili lasaina lokha," ndipo a Gondwe analemba za chipseracho m'buku. Pambuyo pake panabwera Bonifasi, mng'ono wawo wa bambo anu, amayi awo anali a mimba imodzi. Ndinanena monga mwa lamulo kuti uyu ndi mlamu wanga, n'kupatuka. Beseni anagwira a Gondwe. Bonifasi atayenda, khonde linaoneka ngati padutsa bakha. Analephera, anapita kwawo akulira.

Mapepala a opambana ankabwera patapita milungu, ndipo ankadzera kwa atcheyamani a chipani kuti awapereke m'midzi. Tcheyamani wa dera la Lufeyo anali a Kaphaizi, amalume awo a bambo anu ndi Bonifasi yemwe. Inu a lero simungamvetse kuti tcheyamani anali ndani. Mawu ake amodzi ankatha kuchotsa munthu pantchito, ndipo ena amene anakangana ndi anthu otere anatengedwa, mabanja awo n'kumangoyang'ana kunjira. Litatsala tsiku limodzi kuti galimoto ya asilikali idzatenge anyamata, a Kaphaizi anafika kwathu masana atanyamula tambala wofiira. Ndinawayalira mphasa, ndinagwada.

"Namwale," anatero, "mawa Bonifasi akukwera. Akaitana dzina lakuti Lufeyo, ayankha ndi iyeyo. Iwe ntchito yako ndi kukolopa. Ukakolope."

"Nanga Lufeyoyo, amalume?"

"Ndamuuza kuti pepala lake silinabwere. Mwana woti khadi la chipani amachita kumukumbutsa angagwire mfuti ya boma? Tambala uyu n'ngwa ana, adyere ndiwo."

Atachoka, bambo anu anasiya kupala thabwa lawo. Anati, "Wamva? Tili ndi ana, Namwale. A Gondwe omwe sanena kanthu, akudziwa kuti kwawo n'kutali. Iwe ndiwe ndani?" Ndinati, "Ndinadinda chala." Anati, "Chala chako chidzatiphikira tikachotsedwa pano?" Sankanama ayi. Madzulo onse ndinkasinja osadziwa kuti ndikusinja chiyani. Ndikaganiza za inu ana, ndinkati ndikakolope basi. Koma ndikatseka maso ndinkaona bokosi likutsitsidwa pakhomo pa mayi wamasiye wa ku Dzoole, m'kati muli Bonifasi, amayi ake a Bonifasi ali kwawo osadziwa kanthu. Ndipo ndinkaona Lufeyo akukalamba ndi khasu akukhulupirira kuti analephera.

M'mawa kunali kutagwa mvula yoyamba. Ndinakwapatira tambala uja osauza bambo anu, ndinakamumangirira pamzati wa khonde la chipatala. Ndinakumba katondo, ndinakonza beseni, n'kuliika kuseri kwa chitseko. Galimoto inafika. Anyamata onse anali atameta mipala, ndipo a Sajeni anali atayenda maboma ambiri chiwayesereni, sakanakumbuka nkhope ya aliyense. Atcheyamani anakhala pamipando kutsogolo, a Kaphaizi pakati, baji ikuwala pachifuwa. A Sajeni anayamba kuitana mayina, aliyense akuonetsa pepala n'kukwera. Atati "Lufeyo!" Bonifasi anayankha kuti "Ndilipo!" n'kukwera atavala nsapato zatsopano. Ndinayang'ana a Gondwe. Maso awo anali pansi.

Miyendo yanga inanyamuka yokha. Ndinatenga beseni, ndinadutsa pamaso pa atcheyamani onse, madzi akutayikira pachitenje, n'kugwada patsogolo pa a Sajeni.

"Bwana, beseni ndakonza."

"Lero si tsiku la beseni, a Kopolo."

"Ndamva, bwana. Koma munati woyesedwa ndiye wokwera. Buku lanu ine sindiliwerenga. Langa ndi ili."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana pamzati. "Tambala uyu ndi wa ndani?" Ndinati, "Wasokera, bwana. Mwini wake amudziwa." A Sajeni anatembenuka n'kukuwa kuti, "Nonse tsikani! Vulani nsapato!" A Kaphaizi anadzuka amvekere, "A Sajeni, mukuchedwetsa ntchito ya boma chifukwa cha wokolopa? Ana a dera langa ndimawadziwa ine, ndinawaona akubadwa." A Sajeni anawachitira sawatcha bwinobwino n'kunena kuti, "Zoona, bwana Tcheyamani. Ndiye madzi sangawasinthe."

Sanayambe ndi Bonifasi ayi. Anayamba ndi woyamba pamndandanda, aliyense akuponda, a Gondwe akuwerenga zimene analemba tsiku loyesa, ine ndikukolopa kuti wotsatira apeze poyera. Itafika nthawi ya Lufeyo, a Gondwe anakhosomola kawiri. Ndinkati mwina adumpha mzerewo. Koma anawerenga mokweza, mawu onse: phazi la uta, chipsera chodutsa chidendene chakumanzere. Bonifasi anaponda m'beseni, n'kuyenda. Bakha uja anabwereranso pakhonde, chidendene chili see, chopanda mzere.

"Chipsera chapita kuti, mnyamata?"

"Chinapola, bwana."

"Ndi uta womwe unapola?"

Anyamata anaphulika kuseka. Bonifasi anagwetsa misozi, anayamba kuti, "Amalume ndi amene..." koma a Kaphaizi anamudula, "Khala chete iwe!" Apa ndi pamene ndinaona kuti a Sajeni anali wamkulu osati pa mawu pokha. Anati, "Zikuoneka kuti pepala linasokera, monga wasokerera tambalayu. Mnyamata, vala nsapato zako upite kwanu ndi dzina lako. Tambala apite kukhitchini ya odwala." Sanatchule munthu. A Kaphaizi anachoka osatsanzika, koma podutsa pamene ndinagwada anaima pang'ono, n'kundiyang'ana ngati akundiyeza bokosi.

Ndinkayesa zatha, koma a Sajeni anati, "A Kopolo, kwerani kutsogolo. Tikudzera ku Dzoole, ndipo sindikufuna kunyamulanso Lufeyo wabodza." Umo ndi momwe ine agogo anu ndinakwerera galimoto ya asilikali, beseni lili pamiyendo, anthu m'njira akudabwa kuti mayi uyu walakwa chiyani. Titafika anatilozera kumunda. Beseni silinagwire ntchito. Nthaka inali yonyowa ndi mvula ija, ndipo pa kanjira kolowa m'munda ndinaona phazi la uta, mzere uli pachidendene. Ndinati, "Bwana, uyu wadutsa apa m'mawa uno." Tinalitsata mpaka tinamupeza Lufeyo akukweza mizere ndi amayi ake.

A Sajeni sanamukweze msanga. Anamufunsa kaye pamaso pa amayi ake kuti, "Pepala lako lapezeka. Ukufunabe? Ukakana palibe mlandu." Lufeyo anagwetsa khasu, pakamwa pali yasa, n'kungogwedeza mutu. Amayi akewo, kamayi kakang'ono kouma, anati, "Apite, bwana, wakhala osadya bwino chimuuzireni kuti walephera. Koma nanga mizere yangayi atsiriza ndani?" A Sajeni anayang'ana munda, anayang'ana galimoto, n'kulamula kuti abwereke makasu m'mudzi monse. Anyamata anatsika, ndipo dzuwa lisanapendeke munda wonse unali utatha. Amvekere, "Imeneyi ndi perete yanu yoyamba."

Kubwerera kumapiri

Musaganize kuti ndinabwerera kunyumba anthu akundiombera m'manja. Bambo anu anatha sabata osandilankhula. Pasanathe mwezi ndinaitanidwa kumsonkhano, ati ndinanyoza chipani pamaso pa alendo. Ndinakhala pansi pakati pa bwalo. Amene anandipulumutsa ndi a Gondwe. Anaimirira, ngakhale kuti iwonso zikanawathera moipa, n'kufunsa kuti, "Mwa inu amene munalipo, ndani anamva mayi awa akutchula dzina la munthu? Ananyamula beseni, imene ndi ntchito imene boma linawapatsa." Sipanapezeke ndi mmodzi yemwe. Sanandichotse ntchito, koma kalata inabwera yoti ndisamukire ku kachipatala ka m'mapiri a Ntchisi, kumene galimoto inkafika mvula ikaleka. Tsiku lonyamuka ndinapeza bambo anu akumanga zida zawo m'thumba. Anati, "Ndinkayesa ndinakwatira chikolopa, osadziwa kuti ndi mfuti. Tiye." Kumeneko ndi kumene anandikhululukira.

Abale awo ndiye anatenga zaka. Pamaliro akuchimuna ndikaphika, mbale zanga zinkabwerera zosakhudzidwa. Zinkandipweteka, sindinama. Kumapiriko ndinagwira ntchito mpaka kupuma, wopanda magetsi, wopanda mpopi, nthawi zina wopanda ndi mankhwala omwe. Koma chaka chilichonse asilikali akabwera kudzalemba anyamata pa boma la Ntchisi, uthenga unkakwera phiri wakuti a Kopolo atsike ndi katondo wawo. Ndipo ndinamva kuti kuyambira chaka chija a Sajeni sankakwezanso mnyamata m'galimoto asanapondenso m'beseni kachiwiri.

A Gondwe anabwerera kwawo kumpoto, ndipo anamwalira ali nkhalamba. A Sajeni Matewere atapuma anakakhala kwawo kummwera, ananditumizirapo moni kawiri kudzera mwa anyamata obwera kutchuthi, kenako zii. A Kaphaizi utcheyamani unawathera nthawi itasintha. Atadwala mwendo anawabweretsa kuchipatala kwathu, ndipo bala lawo ndinkatsuka ndine. Za tambala sitinakambepo, iwo kapena ine. Bambo anu mukudziwa pamene agona. Lufeyo anatumikira mpaka tsitsi kuyera, anawamangira amayi ake nyumba ya malata, ndipo atapuma anandifunafuna mpaka kundipeza. Ndinali nditaiwala nkhope yake. Anakhala pakhonde langa, anavula nsapato yakumanzere n'kukweza chidendene, amvekere, "Amayi, werengani." Ndinawerenga.

Bonifasi anakhala mlimi wa fodya, wolimbika ndithu, anabereka ana asanu ndi awiri. Zaka zambiri tikakumana ankayang'ana kumbali. Koma pamaliro a bambo anu, anthu atakhala pansi kuti adye, anatenga mbale imene ndinaphika ine n'kudya pamaso pa abale onse, kenako anati, "Alamu, mukanandileka tsiku lija, ana angawa bwenzi akuitanidwa ndi dzina la eni." Chaka chatha tinamuika m'manda a kwawo, pafupi ndi amayi ake. Iwe Esinati unandigwira dzanja kundifikitsa pamtanda, ndipo ndinakupempha kuti undiwerengere zimene zalembedwapo. Unati, "Palembedwa kuti Bonifasi, amayi." Ndinakuuza kuti ubwereze. Lemba zimenezo, utseke buku.